ZA PAMSEU: Mau akuti "tingomvana" asaukitsa ambiri

Nyengo ya misika ikafika kuno ku Chadiza, miseu yathu imadzala. Malole onyamula cimanga ca Food Reserve Agency amapitirana ndi magalimoto a ogula soya, nshawa ndi mpendadzuwa, ndipo pakati pa iwo pamayenda ngolo za ng'ombe, njinga zosenza matumba awiriawiri, ndi njinga zamoto zimene ambiri angozicha kuti honda. Fumbi likatunduka, woyendetsa saona ciri patsogolo pake. Ngozi zazikulu zimamveka pa wailesi, koma mlungu uno, awerengi athu, tifuna tikambirane za ngozi zazing'ono zimene palibe azilengeza: galimoto lakhudza njinga, lagunda mbuzi, laphwanya gudumu la ngolo, munthu wagwa nasupuka pacigongono, kenaka wadzuka nasansa fumbi.

Pa ngozi zotere mavuto enieni amayamba anthu atabalalika kale. Ndipo kawirikawiri amayamba ndi mau amodzi okoma m'khutu, akuti, "Atate, tisapite nazo kutali izi, tingomvana."

Tiyerekeze kuti mkulu wina wa m'dera la Amfumu a Zingalume akupalasa njinga kupita pa Boma. Galimoto lamukankha, njinga yapindika foloko ndi gudumu lakutsogolo, iye wagwera kumbali. Woyendetsa watsika mwaulemu, wapepesa, watulutsa K100, nati zotsala adzabwera nazo Loweruka pobwerera. Mkulu uja, pokhala munthu woleredwa bwino, aona kuti kufunsa dzina la mlendo amene wapepesa kale ndi cipongwe. Alandira ndalama, agwirana canza, galimoto lipita. Loweruka lifika, lipita. Pamene nthiti ziyamba kubaya usiku ndipo khasu likanika kukwezeka, palibe ndi mmodzi yemwe m'mudzimo adziwa nambala ya galimotolo. Onse angokumbuka kuti linali loyera.

Makolo athu anati mlandu suola, ndipo ananena zoona pa moyo wa m'mudzi, kumene wolakwa ndi wolakwiridwa amwa citsime cimodzi ndipo mawa adzakumana pamaliro. Munthu wa pamseu ndi wina. Lero ali ku Chadiza, mawa ali ku Lusaka kapena waoloka malire. Mlandu wake ungakhale wosaola, koma umboni umaola msanga: mapazi a matayala amafufutika ndi mphepo, mboni zimabwerera kwao, ndipo cilonda cimapola osaonedwa ndi dokotala.

Cifukwa cace cinthu coyamba, munthu asanayambe kukangana za amene walakwa, ndico kulemba nambala ya galimoto. Ngati palibe pepala, lembani ndi khala pamkono kapena ndi kamtengo pansi, ndipo mutume mwana wa sukulu akaitenge bwino. Amene ali ndi foni yojambula ajambule galimoto, njinga kapena ciweto pamalo pomwe zagwera, zisanasunthidwe. Cenjerani ndi malole aatali, pakuti mutu wa lole uli ndi nambala yake ndipo ngolo imene likukoka iri ndi inanso. Lembani zonse ziwiri. Pa galasi lakutsogolo pamakhala timapepala tomata, ndipo kena mwa ito kamaonetsa kampani ya inshuwalansi ya galimotolo. Dzina la kampaniyo nalonso lilembedwe. Kufunsa dzina la woyendetsa ndi la mwini galimoto si mwano ai. Lamulo la za pamseu, Road Traffic Act la caka ca 2002, limene linakhazikitsanso bungwe la RTSA, limalamula woyendetsa kuima pamene ngozi yacitika ndi kuchula dzina lake ndi kumene akhala.

Tsopano tifike pa nkhani imene itidetsa nkhawa koposa, ndiyo ya thupi la munthu. Njinga ikapindika, maso amaona pomwepo kukula kwa coonongeka. Thupi silitero. Munthu amene wamenyetsa mutu pansi akhoza kudzuka, kulankhula bwino, ngakhale kuseka, pamene m'kati mwa cigaza magazi akudontha pang'onopang'ono. Zizindikiro zimadza pambuyo pa maola angapo, kapena mawa lake: mutu wopweteka mopitirira, kusanza, kusinza kosadzutsika, kulankhula zosokonekera, magazi kapena madzi kutuluka m'khutu ndi m'mphuno. Cimodzimodzinso kapamba. Ife a dziko la malungo ambiri tiri ndi kapamba wotupa osadziwa, ndipo kapamba wotero sacedwa kung'ambika akagundidwa ndi cogwirira ca njinga. Munthu amangomva kupweteka kumanzere kwa mimba ndi cizungulire, abale nkumati wangotopa, agone. Mai wapakati, mwana wamng'ono ndi nkhalamba, awa ndiye asagonekedwe m'nyumba konse osaonedwa ku cipatala, ngakhale iwo eni anene kuti ali bwino. Ngakhale cilonda cacing'ono colowa dothi cifunika kutsukidwa ndi kubayitsa jekeseni ya kafumbata.

Kupita ku cipatala tsiku lomwelo kuli ndi phindu lina. Apolisi amapereka cikalata cimene wovulala amapita naco kwa dokotala kuti alembepo zimene wapeza. Cikalata cimeneco ndico cidzakulankhulirani m'tsogolo, kaya ku khoti kaya kwa a inshuwalansi. Mukapita patapita milungu itatu, woyendetsa adzanena kuti nthitizo munathyoka pogwa m'ngolo yanu, ndipo palibe adzatha kumtsutsa. Tidziwa kuti kwa anthu a kutali, monga a m'madera a Amfumu a Mlolo ndi a Mwangala, ulendo wa pa Boma udya tsiku lathunthu ndi ndalama. Yambirani pa cipatala caching'ono ca kwanuko kuti dzina lanu ndi tsiku zilowe m'buku, ndipo ngati woyendetsayo alidi ndi mtima wofuna kumvana, aonetse mtimawo pokunyamulani yekha kupita nanu kumeneko.

Ambiri a ife timamva mau akuti inshuwalansi ngati cinthu ca anthu a m'tauni. Koma lamulo limene limakakamiza galimoto liri lonse ndi njinga yamoto iri yonse kukhala ndi inshuwalansi yochedwa third party linaikidwa cifukwa ca inu oyenda pansi ndi opalasa njinga. Inshuwalansi imeneyi siikonza galimoto la mwini wake. Nchito yake ndi kulipira munthu wina amene galimotolo lamuvulaza. Kale, m'zaka za boma la UNIP, nchito yonse ya inshuwalansi inali m'manja mwa kampani imodzi ya boma, Zambia State Insurance Corporation, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makampani ndi ambiri, ndipo ndiye cifukwa cace kuli kofunika kudziwa kuti galimoto lakugundani liri pansi pa kampani iti. Palibe kampani imene imalipira pa mau a pakamwa. Idzafuna lipoti la apolisi, cikalata ca dokotala ndi malisiti a zimene mwaononga. Munthu amene analandira K100 m'mbali mwa mseu ndi kubwerera kumudzi, anadzitsekera yekha khomo limeneli asanaligogode nkomwe.

Kodi tikuti mbuzi iri yonse yogundidwa ifike ku polisi? Iai. Pali milandu imene kumvana kuli kwanzeru, ndipo apolisi a pa Chadiza sangathe kuthamangira nkhuku iri yonse yofera pamseu. Ngati palibe munthu wavulala, ndipo caonongeka ndi cinthu cimene mtengo wake udziwika kwa onse, monga mbuzi, gudumu la njinga kapena thumba la cimanga long'ambika, mvanani ndithu. Koma kumvanako kukhale ndi mboni, makamaka anyakwawa kapena nduna yao, ndipo kulembedwe pa mapepala awiri ofanana: tsiku, malo, nambala ya galimoto, maina ndi manambala a ziphaso za onse awiri, ndalama zimene zaperekedwa, zimene zatsala ndi tsiku lodzapereka. Ali yense asaine kapena adinde cala, natenge pepala lake. Pepala lotero likhoza kuonetsedwa ku Local Court, kumene munthu amadzilankhulira yekha m'cinenero cake popanda loya.

Apa tiyenera kudzudzulana tokhatokha pang'ono. Mbuzi ya moyo iri ndi mtengo umodzi pamsika, koma ikagundidwa ndi galimoto imasanduka yabere la ana awiri, ngakhale ikhale tonde. Ena amafuna woyendetsa alipire mtengo wonse, nyama nkutsalanso kwa iwo. Ife tiona kuti wolipira mtengo wonse ndiye mwini nyama, afune kuitenga kapena kuisiyira ana. Ndiponso si nthawi zonse pamene wolakwa ali wa galimoto. Ng'ombe zosiyidwa ndi kamnyamata ka zaka zisanu ndi ziwiri, ngolo yoyenda usiku popanda nyali kapena konyezimira kumbuyo, njinga yotulukira m'kanjira ka m'chire osayang'ana uku ndi uku, zonsezi zimaononga magalimoto a anthu amene nawonso anawapeza movutikira. Nyali imodzi ya galimoto ikhoza kuposa mtengo wa mbuzi, ndipo mwini ziweto angadabwe kupeza kuti wolipira ndi iye.

Cina cimene ciononga milandu yambiri ndi mkwiyo wa gulu. Galimoto likangokhudza munthu, anthu amathamangira ndi miyala ndi zibonga asanaone nkomwe ngati wagundidwayo wavulala. Mbiri imeneyi oyendetsa aidziwa, ndipo ndiyo imathawitsa ngakhale amene akanaima. Mukamenya woyendetsa mwataya galimoto limene likanathamangira ndi mbale wanu ku cipatala, ndipo mwadzipalira mlandu wanu waukulu kuposa wake. Anyakwawa a midzi ya m'mbali mwa miseu alankhule nao anyamata ao pa nkhani imeneyi.

Kwa inu oyendetsa, aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi amalonda amene mwagula timagalimoto tanu, mau athu ndi ocepa. Imani, thandizani wovulala, ndipo ngati muona kuti moyo wanu uli pangozi cifukwa ca gulu, pitani molunjika ku polisi osati kunyumba. Nambala ya apolisi ndi 991, ya RTSA ndi 983. Dziwitsani kampani yanu ya inshuwalansi msanga, ndipo musalonjeze malipiro aakulu pamseu musanalankhule nayo, pakuti makampani amakana kubweza ndalama zimene munthu analonjeza yekha. Musapereke galimoto kwa makanika asanalione a kampaniyo. "Tingomvana" amaluma inunso: munthu amene munampatsa ndalama popanda pepala akhoza kubwera mwezi wamawa ndi amalume ake kudzafuna zina, ndipo mudzasowa coonetsa kuti munalipira kale. Ndalama iri yonse yoperekedwa ku ofesi ya boma, kaya ya lipoti kaya ya cilango, ituluke ndi lisiti.

Popeza tikhala m'malire, magalimoto a ku Malawi ndi a ku Mozambique si acilendo kwa ife, makamaka pa mseu wocokera ku Katete kupita ku Chanida. Nawonso ayenera kukhala ndi inshuwalansi yogwira nchito muno m'Zambia, yogula pa cipata kapena ija ya maiko a COMESA yochedwa Yellow Card. Pa galimoto lakunja musavomere konse lonjezo lakuti "ndidzabwera", pakuti likaoloka cipata, kulitsata ndi nchito imene munthu wa kumudzi sangaithe.

Cotivuta kwenikweni masiku ano ndi njinga zamoto. Zambiri ziyenda m'midzi mwathu popanda nambala, popanda inshuwalansi, ndipo woyendetsa ndi mnyamata amene waibwereka kwa mwini wake kuti azinyamula anthu. Ikakugundani yotere palibe kampani yokapemphako kanthu. Cotsala ndi kudziwa mnyamatayo, mudzi wake ndi mwini njingayo, ndi kukaonekera nao kwa apolisi tsiku lomwelo, njingayo isanabisidwe kutsidya kwa malire. Ndipo kwa amene atsata njira yonse, ali ndi lipoti la apolisi ndi cikalata ca dokotala, koma kampani ikuwazengereza kapena yakana popanda cifukwa comveka, dandaulo limapita ku bungwe la Pensions and Insurance Authority ku Lusaka, limene limayang'anira makampani onse a inshuwalansi m'dziko muno. Potumiza dandaulolo tumizani makope a zikalata zanu, zenizenizo zitsale m'nyumba.