Polanda Mumathamanga, Pokonza Mumazengereza

Ife eni timanyumba ta ku Detroit sitikana msonkho. Tikudziwa kuti msonkho wa nyumba ndi umene umayendetsa sukulu, kulipira ozimitsa moto ndi kuyatsa magetsi a m'misewu. Chotiwawa n'chakuti kwa zaka zambiri tinkalipiritsidwa ndalama zimene lamulo silinkalola, oyang'anira ali phee, ndipo lero tikadandaula amatiyankha kuti madzi akatayika saoleka.

Lamulolo ndi losavuta kumva. Malamulo aakulu a boma la Michigan, chigawo cha dziko la America mmene muli mzinda wathu, amati mtengo wowerengera msonkho usapitirire theka la mtengo umene nyumba ingagulidwire pamsika. Nyumba ya madola 20,000 isalembedwe kuposa 10,000. Oika mitengoyo ndi antchito a mzinda. Ntchito yawo imaunikidwa ndi akuluakulu a dera la Wayne County, ndipo pamwamba pa onsewo, ku likulu la Lansing, pali bungwe la State Tax Commission, la anthu atatu osankhidwa ndi bwanamkubwa. Ndilo limapereka ziphaso kwa oika mitengo, kulemba malangizo ndi kufufuza mabuku awo. Lili ndi mphamvu ngakhale yolanda kaundula wa msonkho m'manja mwa mzinda umene ukulephera ntchito.

Ndiye tikufunsa: maso onsewa ankayang'ana kuti? Chuma chitasokonekera mu 2008, mitengo ya nyumba kwathu kuno inagwa kotheratu. Aliyense ankaziona. Nyumba yoyandikana nayo inkapita pamtengo wa galimoto yakale, koma kalata yofika mu Januwale inkatchulabe mtengo wa masiku a chuma. Pulofesa wa zamalamulo Bernadette Atuahene atafufuza anapeza kuti kuyambira 2009 mpaka 2015, chaka chilichonse nyumba 55 mpaka 85 mwa 100 zilizonse zinkalembedwa mopitirira malire a lamulo. Mu Januwale 2020 nyuzipepala ya Detroit News inawerengetsa kuti pakati pa 2010 ndi 2016 eni nyumba tinalipiritsidwa mopyola ndi madola osachepera 600 miliyoni. Ndalama imeneyo inachoka pa chakudya, pa mankhwala ndi pa malata odontha amene sitinathe kukonza.

Katunduyu sanatilemere mofanana ayi. Timanyumba totchipa ndi timene tinakwezedwa kwambiri, pamene nyumba zodula zinkalembedwa pafupi ndi mtengo wake weniweni kapena kutsikirapo. Kaunikidwe ka chaka ndi chaka ka dera ndi ka boma kamaphatikiza nyumba zonse zogonamo n'kuona ngati chiwerengero chonse chikukwana theka. Zili ngati kuika matumba onse a chimanga pasikelo nthawi imodzi: kulemera kwa onse kukakwana, palibe angadziwe kuti thumba la mayi wamasiye latapidwa n'kuthiridwa m'thumba la mwini golosale.

Amati tikanachita apilo. Inde, khomo linalipo, koma linali lopapatiza. Unkayenera kukadandaula kwa oika mitengo m'masabata awiri oyamba a Febuluwale, kenako kukaonekera ku komiti younika madandaulo mu Malichi, zikakanika kupita ku khoti la misonkho la Michigan Tax Tribunal. Ukaphonya sitepe yoyamba, chaka chimenecho chapita. Wantchito yausiku, gogo wopanda galimoto, mayi wosowa womusiyira ana, angakwanitse bwanji kusonkhanitsa mitengo ya nyumba zogulitsidwa m'dera lake n'kukatsutsana ndi akatswiri? Amene ali ndi maloya ndiwo ankatsitsiridwa. Panalinso lamulo lokhululukira msonkho anthu osaukitsitsa, koma ambiri oyenera sankalidziwa, ndipo mafomu ake anali otopetsa, mpaka bungwe loteteza ufulu wa anthu la ACLU linakasuma mu 2016, n'kugwirizana ndi mzinda mu 2018 kuti njirayo ifewetsedwe.

Koma pa nkhani yotolera, palibe amene anazengereza. Lamulo la boma la 1999 linafupikitsa nthawi: ngongole ya msonkho ikafika chaka chachitatu, msungichuma wa dera amalanda nyumba. Ikachedwa kupitirira chaka, chiwongoladzanja chinkakwera kufika 18 pa 100 pachaka. Tonse timakadziwa kathumba kachikasu kapulasitiki ka chidziwitso cholanda nyumba kokhomedwa pachitseko, kamene anansi amakaona iwe usanabwere kuntchito. Tikukumbukira mizere ya mu Januwale ku holo ya Cobo Center, anthu atavala majekete awiriawiri, atafumbata maenvulopu a malisiti, kudikira kuti akapemphe kulipira pang'onopang'ono. Kuyambira 2011 mpaka 2015, malo amodzi mwa anayi alionse mumzindawu analandidwa chifukwa cha msonkho. Pa okushoni ya pa intaneti, nyumba yosagulidwa ulendo woyamba inkayambira madola 500 ulendo wachiwiri. Ogula ambiri anali anthu andalama ofuna phindu, ndipo ena mwa ife tinasanduka alendi m'nyumba zimene makolo athu anagula ndi thukuta la m'mafakitale a magalimoto.

Boma la ku Lansing linadzuka mochedwa. Linayamba kufufuza mu 2013, chaka chimene mzinda unapita kukhoti kukanena kuti walephera kubweza ngongole zake, ndipo mu 2014 linaika ntchito yoika mitengo pansi pa diso lake. Kuyezanso nyumba zonse kunatha mu 2017, koyamba patapita zaka zoposa 50. Zaka zonsezo mabuku ankadutsa bwanji? Ndipo mu 2020 Christopher Berry wa ku University of Chicago anapeza kuti timanyumba totchipa tinkalembedwabe mopyola, ngakhale akuluakulu a mzinda anatsutsa zimenezo.

Si Detroit yokha imene inalawa lamulo la 1999 lija. Ku Oakland County, nyumba ya Uri Rafaeli inalandidwa chifukwa chopereweza madola 8.41, n'kugulitsidwa madola 24,500, ndalama yonse n'kutsala kwa olandawo. Zinatengera khoti lalikulu la Michigan kugamula mu 2020 kuti yotsala pa ngongole ndi ya mwini nyumba. Chinthu chimene mwana wa pulayimale angachione chinafunika oweruza kuti anene.

Zopempha zathu si zakumwamba. Boma liziyesa nyumba zotchipa pazokha ndi zodula pazokha chaka chilichonse, n'kusindikiza zotsatira m'mawu amene tingamve. Nyumba yokhalamo munthu isalandidwe mpaka zitatsimikizika kuti msonkho wake unawerengedwa mwalamulo. Oyenera kukhululukiridwa azifunidwa ndi boma, osati kudikira kuti adziwe okha. Ndipo ngati n'zoona, monga maloya a mzinda amanenera, kuti malamulo a boma salola kutibwezera ndalama, aphungu a ku Lansing ndi amene ali ndi cholembera, ayambepo kukonza. Ife tikachedwa kulipira mumatiwerengera chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi. Tiuzeni tsiku limene mudzayambe kuwerenga ngongole yanu kwa ife.