MFUTI ZOSALIRA: KHUTU LOKHA SILINGATETEZENSO MUDZI

TETE — Kuyambira kale mfuti imadziulula yokha. Gogodela akalira kuthengo, mudzi wonse umamva, ndipo nyakwawa imafunsa kuti wawombera ndani. Koma masiku ano kuli mfuti zimene zimawombera mwakachetechete. Nkhaniyi ikukhudza ife a m'maboma a m'malire monga Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde.

Chinsinsi chake ndi kachitsulo konga mpope kamene amamangirira kukamwa kwa mfuti. Pa Chipwitikizi amati silenciador. Kachitsuloka kamagwira mpweya wa onga kuti utuluke pang'onopang'ono, motero phokoso limachepa. Si chinthu chachilendo ayi: Hiram Percy Maxim wa ku America adalandira chikalata cha umwini wake mu 1909.

Mfuti yaikulu imamvekabe ngakhale itavala kachitsuloka. Koma pali mfuti zing'onozing'ono za mtundu wa .22, zazitali ndi za m'manja zomwe, zimene chipolopolo chake n'chochepa ndipo onga wake ndi wapang'ono. Izi zikavala kachitsuloka, munthu amene ali kumunda chapatali samva kanthu. Ku maiko monga Finland ndi Norway alenje amaloledwa kugwiritsa ntchito zitsulozi poteteza makutu awo, ndipo ku maiko ena amisiri amakonza mfuti zotere monga mwini wafunira. Kumeneko boma limadziwa mwini wa mfuti. Tisanamizane: .22 ndi ya akalulu ndi mbalame, koma imapha munthu.

Vuto lathu n'lakuti dziko lino lidatsala ndi mfuti zambiri zosalembedwa. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, zida zina zidakwiriridwa m'tchire. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera. Chaka chomwecho apolisi athu ndi a ku South Africa adayamba kufukula ndi kuphwanya zida zobisidwa, pa ntchito yotchedwa Operation Rachel. Ntchitozi zidathandiza kwambiri, koma palibe angalumbire kuti mfuti zonse zidapezeka.

Kum'mwera kwa dziko lino taona kale zimene mfuti yosalira ingachite. Opha zipembere olowa m'nkhalango ya Kruger kudzera m'malire athu akhala akugwidwa ndi mfuti zikuluzikulu zovala silenciador, pofuna kuti alonda asamve. Mu 2014 mokha, South Africa idataya zipembere 1,215. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ifenso m'chigawo cha Tete tili ndi nkhalango ya Mágoè, imene boma lidaikhazikitsa mu 2013, ndipo muli njovu. Komanso wakuba ng'ombe ndi wachiwembu amafuna chomwecho chimene wopha nyama amafuna: kuti asamveke.

Tsono ngati khutu silimvanso, maso ndi pakamwa zigwire ntchito. Mfuti siyenda yokha. Pali amene amainyamula, amene amaisunga kudenga, amene amagulitsa zipolopolo, ndiponso mmisiri amene amaikonza ikawonongeka. Onsewa amakhala pakati pathu.

Inu osula ndi owotcherera zitsulo, mlendo akabwera ndi mpope wa mfuti kuti mumukonzere, kanani. Kupanga, kukonza kapena kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo ndalama ya tsiku limodzi ingakugonetseni m'ndende zaka. Inu a njinga zamoto a ku Zóbuè, Calómuè ndi Cassacatiza, dziwani katundu amene mwanyamula.

Nawonso apolisi ali ndi mbali yawo. Munthu wa kumudzi amaopa kuulula chifukwa dzina lake limabwerera kwa mwini mfuti dzuwa lisanalowe. Apolisi ndi mafumu akamasunga chinsinsi cha wonena, anthu adzalankhula. Akapanda kutero, mfuti idzakhala chete, mudzinso udzakhala chete, ndipo wopindula adzakhala wakuba yekha.