Mpando wa Pakhomo ndi Umodzi

Pali bodza lina limene lafala pakati pa anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu m'cigawo ca Kum'mawa, lakuti munthu wofuna nchito yolandira alendo pa ofesi ayenera kumanga katundu napita ku Lusaka. Bodza limeneli lasautsa ambiri, ndipo liyenera kutsutsidwa poyera.

Nzoona kuti maofesi acuruka ku Lusaka, pakuti boma linasamukira kumeneko kucokera ku Livingstone m'caka ca 1935. Koma ofesi ngakhale ikhale ndi makalaliki makumi asanu, mpando wa pakhomo ndi umodzi, ndipo wokhalapo sacoka msanga. Ofunsira mpandowo ali ngati mpheta pamunda wa mapira. Mwana wocokera ku Katete kapena ku Petauke amagona pabalaza pa amalume ake ku Matero, nayenda ndi makalata ake khomo ndi khomo kufikira nsapato zitang'ambika. Kuonjezera apo, mlendo amene kale anali kuima pakhomo kupempha kuona bwana, lero angomuimbira pa lamya ya m'thumba.

Nchito imeneyi imatsata alendo monga njuci zitsata maluwa. Tsono alendowo ali kuti? Ali ku Livingstone, kumene mahotela amalandira anthu odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Ali ku Solwezi, mudzi umene unakula msanga kuyambira pamene mgodi wa Kansanshi unayambanso kuturutsa mkuwa m'caka ca 2005, ndi wa Lumwana m'caka ca 2008. Ali ku Mfuwe, pakhomo la nkhalango ya South Luangwa, ngakhale misasa yambiri kumeneko imatsekedwa m'dzinja, kotero kuti wopitako ayenera kusunga ndarama za m'cilimwe. Alinso ku Chipata, mzinda umene unakwezedwa kukhala site m'caka ca 2017, popita amalonda a ku Malawi podzera pa Mwami. Kodi ncifukwa ninji mwana wa ku Chadiza alambalala zonsezi?

Bodza laciwiri ndilo lakuti nkhope yosalala ndi Cingelezi ca m'mphuno zikwanira. Iai ndithu! Nkhalamba yofika pa cipatala ca ku Solwezi idzapereka moni m'Cikaonde. Ya ku Livingstone m'Citonga kapena m'Cilozi. Wolandira alendo wosatha kuiyankha watseka khomo limene analembedwera kulitsegula. Afunikanso kudziwa kompyuta, kulemba uthenga osaupotoza, kupirira munthu wokwiya, ndi kusunga cinsinsi ca nyumba imene alimo. Zimenezi ziphunziridwa, ndipo ziphunziridwa bwino pa ofesi yaing'ono pamene munthu mmodzi agwira zonse.

Makolo amene agulitsa mbuzi kuti mwana akwere basi ya ku Lusaka, popanda wina womlonjeza nchito, ali kutaya cuma ndi mwana yemwe. Ayambe afunsa pa hotela, pa cipatala ndi pa sitolo ya m'boma mwao. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.