Sindibweza Mau: Zinali Zaziii

Pa msonkhano wathu wapitawu mnzathu wina atatha kuwerenga ndakatulo yake ya masamba atatu, ine ndinangoti, "Zaziii." Aphunzitsi ena anandidzudzula pomwepo, amvekere mau amenewa ndi akumsika, sayenera kutuluka pakamwa pa munthu wa pa yunivesite. Iwo akadakonda ndikadati ndakatuloyo "siinafike pa mlingo woyenera." Pepani aphunzitsi, sindibweza mau.

Tiyambire kukhitchini, poti ndiko kwao kwa liuli. Ndiwo zikachepa mchere timati zili zii. Sizinasase, sizinapserere, mutha kudyera nsima mpaka kukhuta, koma lilime silikumbuka kanthu. Tsono munthu akamati "zaziii" sakunena kuti mwanama. Bodza lili ndi dzina lake, ndipotu bodza lophika bwino limakhala ndi mchere wambiri. Sakutinso ndinu chitsiru: "zopusa" amalasa wophika, "zaziii" amaloza m'mbale. "Mbwerera" n'za munthu wobwebweta, "zamkutu" timanena mtima utawawa. Ngakhale "nonsense" wa Azungu uja safikapo, pakuti iye amati mulibe tanthauzo. Ndakatulo ya mnzathuyo tanthauzo inali nalo, mzere uliwonse womveka bwinobwino. Chimene chinasowa ndi kukoma. Ndiuzeni liu lina, la m'buku kapena la m'kalasi, lonena zonsezi ndi mpweya umodzi. Liuli lilinso ndi sikelo yakeyake: mukamakoka "i" wakumapetoyo, ndiye kuti mcherewo ukunka nucheperachepera.

Nanga manyaziwa tinawatenga kuti? Chichewa chitakhala chinenero cha dziko mu 1968, ndi Chichewa Board itakhazikitsidwa mu 1972, tinazolowera kudikira kuti akuluakulu atiuze liu loyenera ndi losayenera. Bungwelo linatha kalekale, m'malo mwake munabwera Centre for Language Studies mu 1996, koma ena a ife tikulembabe ngati pali wina kumbuyo ndi cholembera chofiira. Timasefa Chichewa chathu mpaka kutsala madzi okhaokha, kenaka n'kumadabwa kuti anthu a m'minibasi sationa n'komwe. Amai ogulitsa tomato akamva lonjezo la wandale lomwelija la chaka chatha nati "zaziii," aweruza mlandu umene ife tikadaulembera masamba 20.

Mwina muti liuli limatseka anthu pakamwa. Apo pokha ndikuvomera, ndipo anzanga okhala kumbuyo inu mumve: munthu sanena kuti ndiwo zilibe mchere asanalawe. Amene mumakuwa "zaziii" wolemba asanamalize ndime yoyamba, mukuba liu labwino n'kubisiramo ulesi wanu. Ine ndinamvetsera masamba onse atatu, ndinameza mzere ndi mzere.

Mnzanga uja sakundilankhula mpaka lero. Ndakatulo yake ndaiwerenganso kawiri kuchipinda. Pali mzere umodzi wonena za agogo ake akusenda chinangwa ndi mpeni wopanda chigwiriro. Umenewo uli ndi mchere. Achimwene, mukabwera Lachinayi, yambirani pamenepo, mizere ina 60 ija muisiye kunyumba.