Njira za m'minda ya tiyi zili ndi eni ake

Kuthamanga m'gulu m'mamawa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo n'kokoma: kamphepo kayaziyazi, zitunda zobiriwira, Phiri la Mulanje likuonekera chapatali. Koma anzanga, pamene ife tikulimbitsira thupi m'pamene ena akupezera ufa. Amayi othyola tiyi, dengu kumsana, amafika ife tisanamange nsapato.

Nanga bwanji timawadutsa ngati zitsa, kenako n'kuwajambula osapempha kuti tikaike pa Facebook? Tichepetse liwiro, tipereke moni, "Mwadzuka bwanji, amayi?", tiwapatukire, ndipo botolo la madzi tibwerere nalo. Wotsogolera gulu apemphe chilolezo kwa eni munda tisanalowe. Tikapitiriza mwano, tsiku lina alonda adzatibweza pachipata, ndipo sadzakhala atalakwa.