Chigubu cha malita 20 chisamasowe m'bwato

Mwezi wa June chaka chatha, mnyamata wina wa m'kalasi langa anajomba sabata yathunthu. Atabwera anandiuza kuti bwato lawo linatembenuzika kufupi ndi Senga Bay akuwedza kampango ndi amalume ake. Mwamwayi onse anapulumuka. Kwawo nkhani inali yoti alipo amene anawalodza. Ine ndinangomufunsa zinthu zitatu. Unaimirira pokoka nsombayo? M'bwatomo munali madzi osakapa? Mwera umawomba? Zonse anati inde.

Tiyambe ndi zimene Archimedes anapeza kalekale: chinthu chikalowa m'madzi, madziwo amachikankhira m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene chawasuntha. Ndi upthrust imene timalemba pabolodi ija. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yathu imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Choncho bwato lolemera makilogalamu 400, kuwerengera anthu ndi katundu yemwe, liyenera kusuntha malita 400 kuti liyandame. Mukawonjezera nsomba, limatsikirabe, mpaka m'mphepete mwake mutatsala pang'ono kupsopsona madzi.

Ena mwa inu mumandionetsa mavidiyo a pa YouTube, anthu a ku Texas ndi Louisiana akukoka chinsomba chotchedwa black drum ali chilili m'boti, nkumati, "Aphunzitsi, nanga awa bwanji sakugwa?" Madzi awo ndi amchere, lita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 1.025, ndiye amanyamula bwinoko. Komatu kusiyanako ndi kochepa zedi. Chinsinsi chili pa maboti awo, ndi otambalala pansi. Bwato lathu losema ndi lopapatiza, pansi pake pozungulira ngati chipika chimene linachokera. Mukakhala pansi, centre of gravity imakhala m'munsi, bwato likapendekeka limabwerera lokha. Mukaimirira mwaikweza, kampango uku akukokera chingwe kumbali. Zikatero funde limodzi lakwana, basi.

Madzi osakapa ndiye oipitsitsa. Bwato likapendekera kumanzere, onse amathamangira komweko nkuwonjezera kupendekekako. Nanga Mwera? Umachokera kummwera chakummawa miyezi yozizira ino, ndipo pofika kugombe la Salima umakhala utadutsa mtunda wautali pamadzi popanda chouphimba. Mphepo ikayenda mtunda wautali pamadzi, mafunde amakula.

Tsono maganizo anga ndi awa. Bwato lisamachoke padooko lopanda chinthu choti munthu agwire akagwera m'madzi. Laifi jaketi ndiye yoyenera, makamaka mtundu umene umatembenuza munthu nkhope kuyang'ana kumwamba ngakhale atakomoka. Koma tinene chilungamo, msodzi wa mbedza wa ku Lifuwu kapena ku Chipoka ndalama yogulira majaketi atatu aipeza liti? Pamene chigubu cha malita 20 chili pafupifupi khomo lililonse. Chopanda kanthu, chotseka bwino, chikamizidwa chonse chimasuntha makilogalamu 20 a madzi, ndiye kuti ma newton pafupifupi 200. Majaketi ambiri a anthu akuluakulu amalembedwa ma newton 100 kapena 150. Mwaona? Thupi la munthu limatsala pang'ono kuyandama palokha, limangofuna chothandizira kuti mutu ukhale pamwamba.

Ndikudziwa amalume anu akuyankhani kuti, "Ife tinabadwira panyanja, kusambira sitiphunzitsidwa ndi mwana wa sukulu." Zoona, amatha. Koma kusambira pagombe masana ndi kwina, kulimbana ndi mafunde a Mwera usiku, mtunda uli kutali, ndi kwinanso. Manja amatopa. Nchifukwa chake chigubucho chikhale ndi chingwe chokoleka pamapewa, osadalira kuchigwira ndi zala, ndipo chisamangiriridwe ku bwato.

Musakakangane nawo. Mukapita kutchuthi tengani chigubu, tsekani chotsekera mwamphamvu, lowani nacho poti madzi akulekeza m'chiuno, muwapemphe amalume achimize chonse ndi dzanja limodzi.