Fomu ya APAS ilibe maso m'kalasi

Mng'ono wanga ali Giledi 12 pa sukulu ina ya sekondale ku Chongwe. Mwezi watha ninakwela minibasi pa Great East Road kukamupelekela sopo na ndalama ya m'thumba, ndipo pobwelela funso limodzi linanivuta njila yonse: kodi ndani amaona ngati aphunzitsi ake akuphunzitsadi?

Yankho la boma lilipo, dzina lake APAS. Ni fomu yopimila nchito ya anchito a boma imene inabwela mu 1997, kulowa m'malo mwa lipoti lacinsinsi limene bwana anali kulemba mwini wake osaliona. Papepala ni yabwino. Kuciyambi kwa caka mphunzitsi na womuyang'anila amagwilizana zolinga, kumapeto amakhala pansi kuona zimene zatheka. Fomu imeneyi imafunikanso pa nkhani ya kukwezedwa pa nchito, ndiye palibe mphunzitsi amene angainyoze.

Manje vuto ni lakuti cosavuta kupima ni mapepala. Pulani ya phunzilo ilipo? Rejista yadzazidwa? Cidindo ca ba hedi cilipo? Zonsezi zingakhale bwinobwino mu faelo, mwana osadziwabe kugawa nambala. Ine nimakumbuka ku sukulu kwathu: tsiku lobwela oyendela, aphunzitsi athu a sayansi anali kubwela na machati okongola, ngakhale tayi. Mawa lake buku lapatsidwa kwa monita kuti atilembele manotsi pa bolodi. Sinikayika kuti fomu yawo inali kuwala.

Osanimva molakwika, sinikuti aphunzitsi ni aulesi. Kucokela mu Januwale 2022, pamene maphunzilo aulele anayamba, ana anadzaza m'makalasi. Boma linalemba aphunzitsi opitilila 30,000 caka cimeneco, koma amene ali na kalasi yodzaza mpaka kukhomo sangaconge buku la mwana aliyense mlungu uliwonse. Fomu yosafunsa kuti muli ana angati m'kalasi, desiki zingati, buku limodzi akugawana angati, ikupima munthu mwa theka cabe.

Ena m'basi angakambe kuti basi tipime na zotuluka za mayeso a ECZ, kwatha. Apa nimaopa. Mukamangilila pulomoshoni ku ciwelengelo ca opasa cokha, mwana wocedwa kumva amasanduka katundu wolemetsa. Mphunzitsi adzathamanga na ocenjela a kutsogolo, a kumbuyo aziona okha. Ndipo nkhani ya likeji tonse tiidziwa kumene imayambila.

Cimene cimafika kwa mwana ni munthu kukhala kumbuyo kwa kalasi, kumvetsela phunzilo lonse, kenako kuuza mnzake poyela kuti apa ana anasokela. Si zacilendo kuno. Kuyambila 2005 m'cigawo ca Central, mothandizidwa na JICA, aphunzitsi akhala akukonza phunzilo pamodzi, kupenyelelana, na kulikonzanso. Ndipo Chongwe ili na mwayi: yunivesite ya Chalimbana, yophunzitsa aphunzitsi, ili m'boma lomweli. Cosowa ni kulumikiza zimenezo na fomu ija, kuti zolembedwa mu APAS zicokele pa zimene munthu anaona na maso, ndipo wopezeka wofooka pa phunzilo lina apatsidwe thandizo, osati siginecha cabe.

Pa miting'i ya PTA ikubwelayi nidzapita m'malo mwa amayi. Nidzafunsa ba hedi kuti temu ino alowa kangati m'kalasi ya masamu ya Giledi 12 na kukhalamo mpaka belu kulila.